Makina Otchetchera Kapinga Akakana Kulira

Mvula ikagwa kawiri kapena katatu m'mwezi wa Disembala, kapinga wa pabwalo la sukulu, wa pa tchalitchi ndi wa pakhomo amakula mofulumira, kotero kuti amene adamuona Lolemba amadabwa naye Loweruka. Ndi nthawi imeneyi pamene makina otchetchera, amene akhala ali m'chipinda chosungiramo katundu chiyambire mwezi wa Meyi, amatulutsidwa. Ndi nthawi yomweyonso pamene ambiri a iwo amakana kulira. Zimene zimatsatira tonse tikuzidziwa. Mnyamata amakoka chingwe kufikira phewa litawawa, mnzake namlandira, iyenso nalephera. Kenaka pamafika wina ndi sikuludiraiva, namasula ichi ndi icho, ndipo dzuwa likamapendeka tizitsulo timakhala tili mbwee pansi, kena katasowa kale m'udzu. M'mawa mwake akuluakulu amagamula kuti makina afa, ana abwerere ku zikwakwa.

Komatu makinawa sagulidwa ndi ndalama zochepa. Pena ndi zopereka za anthu ambiri, pena ndi ndalama imene banja lidasunga kwa miyezi kuti mwana wao amene adatsiriza sukulu azipezera ganyu yotchetcha m'mabwalo a anthu m'tauni. Ndipo kawirikawiri chimene chaletsa injini kulira ndi chinthu chaching'ono, chosafuna ndalama zoposa za pulagi imodzi, mwinanso chosafuna ndalama konse. Chimene chimaononga makina si nthenda yoyamba ija ayi, koma manja amene amamasula zinthu asanadziwe chimene akufunafuna. Zimene tilemba pano zithandizanso amene ali ndi pampu yothirira kudimba kapena jenereta yaing'ono, pakuti injini zake n'zamtundu umodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti makina otchetchera amagona m'chilimwe, pamene pampu imagona m'dzinja.

Makina otchetchera kapinga adayamba ku England m'chaka cha 1830. Munthu wina dzina lake Edwin Budding, wa kufupi ndi mzinda wa Stroud, adaona makina amene ankameta ubweya wa pa nsalu m'fakitale, naganiza kuti nzeru yomweyo ingathe kumeta udzu. Makina akewo anali okankha ndi manja chabe. Injini imene imawayendetsa masiku ano ndi mdzukulu wa injini imene Nikolaus Otto adapanga ku Germany m'chaka cha 1876, ndipo kagwiridwe kake ka ntchito sikadasinthe. Pisitoni ikamatsika koyamba m'silinda, vavu imodzi imatseguka, ndipo mpweya wosakanizika ndi petulo umalowa. Ikamakwera, mavavu onse awiri amakhala otseka, mpweya uja nupanikizika m'kampata kakang'ono. Pomwepo pulagi imatulutsa mbaliwali ya moto, mpweya umayaka mwamphamvu nukankhira pisitoni pansi. Ikamakwera kachiwiri, vavu inayo imatseguka kuti utsi utuluke. Injini yotchetcha imazungulira pafupifupi ka 3,000 pa mphindi imodzi, ndipo moto umayaka kamodzi pa kuzungulira kuwiri kulikonse. Ana athu a Sitandade 6 angatiwerengere kuti kumeneko ndi kuyaka ka 25 pa sekondi.

Tsono taonani kuti injini ifuna zinthu zitatu zokha: chakudya chake, ndicho petulo ndi mpweya pa muyeso woyenera, moto wa pulagi pa nthawi yake, ndi kupanikizika kwa mpweya m'silinda. Zitatuzi zikakhalapo, injini singakane kulira. Ikakana, ndiye kuti chimodzi chasowa, ndipo ntchito yathu ndiyo kufunsa kuti n'chiti. Tiyambire pa zooneka ndi maso, tipite ku zofuna sipanala imodzi, ndipo za m'kati tizisiye kufikira zina zonse zitayesedwa.

Koma poyamba, zala. Musanalowetse dzanja kunsi kwa makina, chotsani chipewa cha waya cha pa pulagi, muchiike patali ndi pulagiyo. Mpeni wa pansi uja ndi womangidwa ku shafuti ya injini, ndipo kuutembenuza ndi dzanja n'chimodzimodzi kukoka chingwe. Injini imene yakana kulira m'mawa wonse ikhoza kuvomera kamodzi kokha, dzanja lili pa mpeni. Tikupempha makolo kuti lamulo ili lisakhale lokambirana.

Zoyamba kuona n'zochititsa manyazi, chifukwa chake anthu amazilumpha. Kodi m'thanki muli petulo? Kodi kampopi ka petulo, ngati kalipo, n'kotsegula? Kodi siwichi yayatsidwa? Makina ambiri ali ndi chitsulo chimene woyendetsa amachigwirira pamodzi ndi chogwirira. Akachisiya, injini imazima. Ku America lamulo lidayamba kufuna chitetezo chotere m'chaka cha 1982, kuti mpeni uziima pasanathe masekondi 3 munthu akasiya kugwira. Waya wa chitsulo chimenechi ukatamuka kapena kuchita dzimbiri, sufika pomasula buleki ndi kulola moto, ndipo injini imakhala ngati yakufa ngakhale ili bwinobwino. Ena amachimanga ndi chingwe cha mphira kuti chisawavute. Sitigwirizana nao ngakhale pang'ono. Ngati chingwe chokokera chikulemera kwambiri, suzumirani pansi: udzu wauwisi umene udaumira pamenepo chaka chatha umagwira mpeni ngati simenti.

A pampu ndi jenereta ali ndi chinanso choona. Injini zambiri za mtundu wa Honda GX160, pamodzi ndi zina zoitsanzira zimene zadzaza m'masitolo, zili ndi kachipangizo kamene kamaletsa moto oyilo akachepa. Oyilo wake ndi wochepa kale, pafupifupi malita 0.6. Motero pampu ikaikidwa pagombe lopendekeka la mtsinje, oyilo amathawira mbali imodzi, ndipo injini imakana. Iikeni pamalo osalaza, muone muyeso wa oyilo, musanaiyese mlandu wina.

Tifike pa petulo, pakuti pamenepa ndi pamene pagona milandu yambiri. Anthu amayesa kuti petulo ali ngati mchere, wosungika zaka. Sichoncho ayi. Opanga injini zimenezi amachenjeza kuti petulo amayamba kuonongeka pakangotha masiku 30. Mbali zake zopepuka, zimene zimayaka msanga injini ili yozizira, zimauluka, ndipo zotsala zimasanduka ulimbo wofiirira umene umamata m'tinjira ta m'kabuleta. Makina amene adaikidwa m'Meyi ali ndi petulo m'thanki amakhala atasunga petuloyo miyezi 6 kapena 7, kudutsa m'kutentha kwa Okutobala.

Kwathu kuno pali china choonjezera. Kuyambira m'chaka cha 1982 petulo wa m'Malawi wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, wopangidwa poyamba ku Dwangwa, ndipo kuyambira 2004 ku Chikwawanso. Zimenezi zathandiza dziko kuchepetsa mafuta ogula kunja, ndipo m'galimoto imene imamwa petulo wake sabata ndi sabata mulibe vuto. Koma ethanol amakoka chinyontho cha mumpweya. Akakhala nthawi yaitali m'kathanki kakang'ono, madzi amachuluka kufikira iwo ndi ethanol apatukana ndi petulo, natsikira pansi. Ndipo pansi pa thanki ndi pamene pali paipi yopita ku kabuleta. Injini imayamba kumwa madzi isanalawe petulo.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Nunkhizani: petulo wokalamba amanunkha mowawasa ngati vanishi, ndipo amakhala woderapo. Tsanulirani pang'ono m'botolo loyera lagalasi, mulisiye kwa mphindi zingapo. Ngati muli madzi, mudzaona mzere pakati, madzi ali pansi. Petulo wogula m'zigubu za m'mbali mwa msewu, amene ambiri a ife timathawirako mafuta akasowa, ayenera kuyesedwa chomwechi asanalowe m'thanki, ndi kusefedwa pa nsalu yoyera. Akapezeka woipa, khuthulani thanki yonse, osati kungothira watsopano pamwamba pa wakale. Chitani zimenezi panja, kutali ndi mbaula, ndudu ndi ana.

Mwina petulo watsopano alowa, injini n'kukanabe. Pamenepa pali kuyesa kumodzi kumene kumapulumutsa maola ambiri. Masulani pulagi, muthire petulo wokwana kasupuni kakang'ono ka tiyi m'bowo lake, mubwezere pulagi ndi waya wake, mupukute amene watayikira, ndipo mukoke chingwe. Injini ikalira kwa masekondi awiri kapena atatu nizima, yakuuzani zonse: moto ulipo, kupanikizika kulipo, chosowa ndi petulo amene sakudutsa m'kabuleta. Simufunikanso kukhudza koyilo kapena kutsegula injini.

Kabuleta imaopsa anthu chifukwa cha dzina lake, koma ndi kanthu kophweka. Pansi pake pali kambale komangidwa ndi bawuti imodzi. M'kambaleko muli koyandama kamene kamatseka njira petulo akadzaza, monga zimachitikira m'thanki ya chimbudzi chamadzi. Kuchokera m'kambale petulo amakwera kudzera pa kamkuwa koboola pakati kamene amakaniko amakatcha jeti, nakakumana ndi mpweya. Bowo la jeti n'laling'ono losafika milimita imodzi, ndipo kambewu kamodzi ka mchenga kapena kadontho ka ulimbo uja n'kokwanira kulitseka. Pa makina ena bawuti ya kambale ndiyo jeti yomwe, yokhala ndi timabowo m'mbali mwake. Tsekani petulo, yalani nsalu yoyera pa tebulo, masulani kambale, mukatsuke ndi petulo woyera, ndipo muyang'ane jeti pa kuwala kwa dzuwa. Ngati kuwala sikudutsa, tsukani, mupemerere ndi pampu ya njinga. Ulimbo ukakana, lowetsani kawaya kamodzi kofewa ka mkuwa kochokera m'nthambo yamagetsi. Singano, msomali kapena sipoko ya njinga ayi, pakuti bowolo lidayesedwa ku fakitale kuti petulo wolemera kilogalamu imodzi azikumana ndi mpweya wolemera pafupifupi makilogalamu 15. Mukalikulitsa, injini idzalira ndithu, koma idzafuka utsi wakuda ndi kumwa petulo ngati chidakwa masiku ake onse. Samalani kamphira kozungulira pakamwa pa kambale. Kakaduka, petulo adzadontha pa injini yotentha.

Nthenda ina ya petulo imanyenga. Injini imalira bwino, nitchetcha kwa mphindi zingapo, nizima; ikapumula, niliranso. Chivundikiro cha thanki chili ndi kabowo kolowera mpweya, ndipo kakatsekeka ndi fumbi petulo satsika, monga madzi sathira bwino m'chigubu cha pakamwa pamodzi chopendeketsedwa mwadzidzidzi. Masulani chivundikirocho pang'ono. Injini ikapitirira kulira, mwapeza wakuba.

Nanga ngati kasupuni ka petulo kaja sikanaliritse injini? Tibwerere ku pulagi, pakuti nsonga yake ndi kalata yochokera m'kati mwa silinda. Ikakhala youma pambuyo pa kukoka kangapo, petulo sakufika. Ikakhala yonyowa ndi petulo, injini yatsamwa: petulo wachuluka, kawirikawiri chifukwa cha kukoka kambirimbiri chotsekera mpweya chili chitsekere. Chotsekerachi, chimene ambiri amachitcha choki, ntchito yake ndi ya injini yozizira, pa kukoka kuwiri kapena kutatu koyamba. Umitsani pulagi, tsegulani choki, zimitsani siwichi, mukoke chingwe kangapo pulagi ili kunja kuti silinda iume, ndipo muyesenso. Nsonga yakuda ndi mwaye ikunena kuti mpweya ukuchepa. Yonona ndi oyilo ikunena za kupendeketsa makina molakwika, kapena za injini yokalamba. Yooneka ngati mtundu wa khofi wothira mkaka ndiyo yabwino. Kampata ka pakati pa nsonga ziwiri kayenera kukhala pakati pa mamilimita 0.7 ndi 0.8 pa injini zambiri zotere.

Poyesa moto, vekani pulagi chipewa chake, mugunditse mbali yake yachitsulo pa chitsulo cha injini, patali ndi bowo la pulagi, mutagwira pa mphira ndi pulayala. Mnzanu akoke chingwe, mapazi a nonse ali kutali ndi mpeni. Chitirani pamthunzi kuti muone bwino. Mbaliwali yabuluu yolira kuti the the the ndiyo yofunika. Yofiira ndi yofooka, kapena yosaoneka konse, ifuna kuti muyese pulagi ina imene mukudziwa kuti ikugwira ntchito. N'chifukwa chake timati pakhomo pamene pali injini pasamasowe pulagi yapadera m'kabati.

Pulagi yatsopano ikakhala yopanda moto, ambiri amathamangira kukagula koyilo, imene ndi yokwera mtengo. Dikirani. Siwichi ya injini zimenezi sizimitsa podula magetsi monga ya nyale ya m'nyumba. Imazimitsa pogunditsa kawaya kochokera ku koyilo pa chitsulo cha injini. Tsono makoswe, amene amakonda kumanga zisa pansi pa chivundikiro cha injini m'chilimwe, akatafuna chikopa cha kawayako nikagunda chitsulo, injini imakhala yozimitsidwa ngakhale siwichi yayatsidwa. Chotsani kawayako pa koyilo, muyesenso moto pulagi ili kunja. Moto ukabwerera, koyilo ilibe mlandu. Koma musalize injini kawayako kali kochotsa, chifukwa simudzakhala ndi poizimitsira.

Za mpweya tinene mwachidule. Sefa ya siponji itsukidwe ndi sopo, iume, ndipo ipakidwe oyilo pang'ono. Yapepala igogodedwe, ndipo ikada kwambiri kapena kunyowa ndi oyilo, igulidwe ina. Sefa imanyowa ndi oyilo makamaka chifukwa cha kupendeketsa makina mbali yolakwika pofuna kuchotsa udzu. Pendeketsani kuti sefa ndi kabuleta zikhale kumwamba, kapena tsitsani chogwirira pansi kuti pulagi iloze kumwamba. Suzumiraninso potulukira utsi: tizilombo touluka timene timamata tinyumba ta dothi m'makona a nyumba timakondanso bowo limenelo, ndipo injini yosatha kutulutsa utsi singathe kukoka mpweya watsopano. Kuyendetsa injini popanda sefa, monga achitira ena, ndiko kuidyetsa mchenga.

Pali funso limodzi loyenera kufunsa amene adagwiritsa ntchito makina komaliza, ndipo lifunsidwe mofatsa, pakuti mwana woopa chilango sanena zoona: kodi mpeni udagunda mwala kapena chitsa? Pamwamba pa injini pali gudumu lolemera lokhala ndi maginito, limene podutsa pa koyilo limabala moto wa pulagi. Gudumuli limagwirizana ndi shafuti ndi kachitsulo kakang'ono kofewa kamene amakatcha kiyi. Kadapangidwa kofewa dala, kuti mpeni ukaima mwadzidzidzi kaduke ikoko m'malo mwa zitsulo zazikulu. Kakaduka, gudumu limasuntha pang'ono, ndipo moto umabwera pa nthawi yolakwika. Petulo alipo, mbaliwali ilipo yabuluu, koma injini imangotsokomola, kapena kubweza chingwe mwamphamvu mpaka kupweteka zala. Kachitsuloka n'kotsika mtengo, koma kuchotsa gudumu kufuna chida chake; kulimenya ndi hamala ndiko kuliswa. Ndipo m'malo mwake musaike chidutswa cha msomali, chifukwa mwala wotsatira udzaononga chinthu chachikulu. Mabwalo athu ambiri ndi amiyala, motero kuyenda m'bwalo ndi kutola miyala musanatchetche si kutaya nthawi. Mwala womenyedwa ndi mpeni umauluka ngati wa pa legeni, ndipo woyendetsa avale nsapato zotseka, ana aang'ono akhale kutali. Bungwe la madokotala a ana la ku America limalangiza kuti mwana wosafika zaka 12 asayendetse makina otere.

Chachitatu chija, kupanikizika, ndicho malire a ntchito ya pakhomo. Kokani chingwe pang'onopang'ono: muyenera kumva pamalo pena pakulimba, kenaka pofewa. Chikamabwera chopepuka ponseponse, mpweya ukuthawa. Pena vavu yakakamira yotsegula chifukwa cha ulimbo wa petulo wakale. Pena kampata ka mavavu kasokonekera. Pena mphete za pisitoni zatha. Apa pitani kwa makaniko. Koma mudzapita ngati munthu wodziwa, wotha kunena kuti, "Bambo, petulo ndi watsopano, jeti ndatsuka, moto ulipo, koma chingwe chikupepuka." Makaniko woona mtima adzakondwera, pakuti mwamfupikitsira ntchito, winayo adzalephera kukugulitsani zimene simukufuna. Tikulimbikitsa achinyamata, asungwana pamodzi ndi anyamata, kuimirira pambali pake ndi kuonerera pamene akukonza. Injini zazing'onozi zikuchuluka m'midzi mofulumira kuposa anthu odziwa kuzikonza.

Mau amodzi kwa amene ali ndi makina onyamula paphewa, otchetcha ndi chingwe chozungulira. Ambiri a iwo injini yake ndi ya mtundu wina, yopanda mosungira oyilo, ndipo oyilo wake wapadera amasakanizidwa ndi petulo. Ena amafuna muyeso wa 50 kwa 1, ndiko kuti mamililita 100 a oyilo pa malita 5 a petulo. Ena amafuna oyilo wochuluka kuposa apo. Werengani buku lake. Petulo wosasakaniza amaua injini yotere m'mphindi zochepa, ndipo zigubu ziwirizo zilembedwe maina. Injini iliyonse, ya mtundu uwu kapena winawo, isayesedwe m'chipinda chotseka. Utsi wake uli ndi mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka ndi wosanunkha, umene umagonetsa munthu tulo tosadzuka nato.

Zambiri mwa zovutazi zimathetsedwa pa tsiku limodzi, tsiku lotsiriza kutchetcha mvula ikatha. Khuthulani thanki, mulize injini kufikira itazima yokha, ndipo mumasule kabawuti ka pansi pa kambale kuti madontho otsala atuluke. Injini ikali yofunda, sinthani oyilo; a Briggs & Stratton amati pa makina otchetchera asinthidwe pa maola 50 alionse kapena kamodzi pa chaka. Palani udzu wa kunsi usanaume. Thirani kasupuni ka oyilo woyera m'bowo la pulagi, mukoke chingwe kawiri kuti apake silinda, mubwezere pulagi. Kenaka kokani pang'onopang'ono kufikira pamene pakulimba, musiyire pomwepo, pakuti pamenepo mavavu onse awiri ndi otseka ndipo chinyontho sichingalowe. Mangani kapepala kapulasitiki potulukira utsi injini itazizira, ndipo makinawo aikidwe pamalo ouma, kutali ndi matumba a feteleza amene amadyetsa chitsulo dzimbiri, ndi kutalinso ndi matumba a chimanga amene amaitana makoswe.